Zimene tidaona pa miyendo ya mwana wathu pa nthawi ya udhu



Nkhani iyi tikuilemba anthu awiri, bambo ndi mayi a m'nyumba imodzi. Mwini wake wa nkhaniyi ndi mwana wathu wachisamba, mnyamata wa zaka 23, ndipo watilola kuikamba bola tisatchule dzina lake. Takhala tikuzengereza chaka chathunthu, chifukwa matenda otulutsa magazi kuchimbudzi si nkhani yomwe munthu amaiyamba pagulu, komanso chifukwa mbali ina ya nkhaniyi ikutiloza chala ife eni.

Udali usiku wa 11 wa Ramadhan ya chaka chatha. Titamasula, bambo ake adanyamuka naye molawirira kupita kumzikiti monga mwa masiku onse. Pampopi wochitira udhu mnyamatayo adapinda thalauza kuti asambitse mapazi, ndipo pansi pa babu la pakhonde padaoneka zimene adakhala akubisa. Kuyambira mu akakolo kufika pansi pa mawondo padali timadontho tambirimbiri, ngati munthu wamwaza mapira, ena atalumikizana mpaka kukula ngati ndalama yachitsulo. Mabuku a zachipatala amati madontho otere amakhala ofiira, koma pakhungu lakuda ngati lathu sakhala choncho. Adali a mtundu wa jambula wakupsa. Bambo ake atapititsapo chala adamva kuti ndi otukuka pang'ono, ndipo adali miyendo yonse iwiri mofanana.

"Iwe, ichi n'chiyani?"

"Ndi udzudzu, Ababa. Tiyeni tichedwa."

Sudali udzudzu, ndipo onse awiri ankadziwa. Koma adhana idali itamveka kale, ndipo adalowa.

Kuti mumvetse, tibwerere m'mbuyo zaka ziwiri usikuwo usadafike. Mwana wathu adayamba kutsegula m'mimba mosakanikirana magazi ndi zoterera. Kwathu kuno kunyanja munthu akatero aliyense amadziwa dzina lake: kamwazi. Pachipatala china chaching'ono adampatsa Flagyl, ndipo zidaoneka ngati zachepa, kenako zidabwerera. Adampatsanso Flagyl pamodzi ndi mankhwala ena opha tizilombo. Ulendo wachitatu adaonjezapo a likodzo, poti amasamba m'nyanja. Sitikuwada kwenikweni anthu amenewo, pakuti mwa odwala ambiri omwe amafika kwa iwo ndi chimbudzi cha magazi, ochuluka amakhaladi ndi tizilombo. Chomwe chimatipweteka n'chakuti padatha miyezi isanu ndi itatu popanda wofunsa chifukwa chake kamwazi ameneyu sakumva mankhwala. Mnyamata adaonda, milomo idayera, ndipo adasiya kukwera minibasi ya ulendo wautali poopa kusowa kothawira.

Pomaliza tidafika kwa dokotala wa matenda a m'mimba ku Blantyre, yemwe adamuunika ndi kachipangizo ka kamera kolowera kumusi, komwe amati colonoscopy. Adatiuza kuti ndi ulcerative colitis. M'Chichewa tilibe dzina lake, choncho tingolongosola. Ndi kutupa ndi kunyuka kwa khungu la m'kati mwa thumbo lalikulu, komwe kumayambira kumapeto kwenikweni kwa thumbolo n'kumakwera m'mwamba mosadumpha malo. Sikuti munthu wadya chonyansa kapena wamwa madzi oipa, ndipo sungampatsire mnzako. Chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi, chomwe ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimasokonezeka n'kuyamba kuvulaza thumbo la mwini wake. Matendawa adalongosoledwa ndi dokotala wa ku London, Samuel Wilks, mu 1859, ndipo kwa nthawi yaitali ankaonedwa ngati a ku Ulaya ndi ku America. Kuno kwathu sapezekapezeka, koma alipo, ndipo amabisala kumbuyo kwa kamwazi.

Adamuyambitsa mapiritsi a sulfasalazine, mankhwala akale omwe mayi wina wa ku Sweden, dokotala Nanna Svartz, adathandiza kuwapanga cha m'ma 1940. Amasandutsa mkodzo kukhala wachikasu kwambiri, zomwe zidatiopsa sabata yoyamba. Koma adagwira ntchito. Patatha miyezi iwiri magazi adasiya, thupi lidabwerera, mnyamata adabwerera kumadrasa kukamaliza kuloweza Qur'an. Dokotala adanena momveka kuti matendawa sachoka, amangogona, ndipo mapiritsi ndi amene amawagoneka. Tidavomera ndi mutu. Koma m'nyumba mwathu tidayamba kuwatchula kuti "vuto la m'mimba lija", ngati chinthu chomwe chidadutsa. Apa ndi pomwe tidalakwira koyamba. Tidaganiza kuti ndi matenda a thumbo basi, ndipo thumbo likakhala chete ndiye kuti nkhani yatha.

Ramadhan ya chaka chatha itayandikira, akuluakulu a pamzikiti adamusankha kuti azitsogolera gawo la Taraweh, poti adali atangomaliza kuloweza. Sitibisa, tidanyada. Mayi ake adamusokera mkanjo watsopano. Bambo ake adauza aliyense wa kumsika. Palibe mmodzi wa ife amene adaganiza zopita naye kwa dokotala kukafunsa momwe angamwere mapiritsi m'mwezi womanga. Ankayenera kumwa katatu pa tsiku. Iye mwini adachotsa a masana, kenako adayamba kudumpha a nthawi ya daku chifukwa ankamuchititsa nseru. Pofika kumapeto kwa sabata yoyamba magazi adabwerera, ndipo sadauze munthu.

Timamva chitseko cha kuchimbudzi usiku, kasanu, kasanu ndi kawiri. Tidati ndi samusa ndi tsabola wa pafutari. Adadandaula kuti mawondo ndi akakolo zikuphwanya, ndipo tidati ndi kuima nthawi yaitali pa swala. Mayi ake adatuma mwana kugolosale kukagula Brufen, n'kumampatsa awiri akamasula, awiri pa daku. Tidadziwa pambuyo pake kuti Brufen, diclofenac, Indocid ndi anzake a mtundu umenewo amatha kudzutsa matenda a thumbowa, ndipo munthu wa ulcerative colitis amauzidwa kuwapewa. Mwina tidauzidwa pa tsiku loyamba lija pakati pa mawu ambirimbiri. Sitidasunge.

Tsopano tibwerere ku madontho aja. Atabwerako kumzikiti tidamukhazika pampando, n'kuunika miyendo ndi tochi ya foni. Tikuuzani chomwe chidali m'mitima mwathu, chifukwa tikudziwa kuti aliyense wa msinkhu wathu akadaganiza chimodzimodzi. Ife tidakula m'zaka zomwe madontho akuda a m'miyendo adali ndi tanthauzo limodzi. Tidaika m'manda abale omwe adayamba ndi zigamba zakuda m'mapazi, khansa ija ya Kaposi yomwe imayenda ndi kachilombo ka HIV. Palibe adatchula mawuwo, koma adadzaza chipinda chonse. Mwana wathu adationa nkhope n'kunena motsitsa, "Amayi, sindidachite kanthu." Mpaka lero mawu amenewo amatiluma, chifukwa akusonyeza zomwe adawerenga pamaso pathu, ndiponso chifukwa ngakhale akadakhala nako kachilomboko akadayenera chisamaliro chomwecho, osati maso oweruza.

Mantha amenewo adatichedwetsa masiku atatu. Azakhali ake atamva adati ndi diso la anthu a nsanje, poti mwana wamng'ono wapatsidwa malo a kutsogolo. Adamuwerengera ma dua, ndipo sitikunyoza zimenezo. Koma tidalola kuti dua ikhale chifukwa chosapitira kuchipatala, pomwe ziwirizi sizilimbana. Adatsogolera Taraweh mausiku ena awiri. Usiku uliwonse akabwerako madontho amakhala ataonjezekera, atsopano pamwamba pa akale, ndipo ankati akutentha ngati wapaka tsabola. Pa tsiku la 14 mapazi adatupa mwakuti nkhwaira sizidalowe, ndipo nthawi ya Asr adachita chizungulire n'kugwira khoma. Pamenepo ndi pomwe tidafuna galimoto.

Dokotala yemwe adatilandira adayang'ana miyendo kanthawi kochepa, n'kutenga tambula ya galasi n'kuidinda pa madontho. Adatilongosolera kuti chiphuphu wamba kapena polumidwa ndi udzudzu pamayera ukadinda, chifukwa magazi amakhala adakali m'mitsempha ndipo amathawa. Awa sadasinthe, chifukwa magazi adali atatuluka kale m'mitsempha n'kukhala pansi pa khungu. Adavomereza kuti pakhungu lakuda kuyesa kumeneku n'kovuta kuona bwino, n'chifukwa chake chala chimathandiza kuposa diso. Kenako, m'malo mopitiriza za miyendo, adatembenukira kwa mnyamatayo n'kufunsa, "Achimwene, kuchimbudzi mukupita kangati pa tsiku, ndipo magazi alipo?" Adayankha akuyang'ana pansi kuti kasanu ndi katatu, nthawi zina kakhumi, ndipo magazi amakhalapo ulendo uliwonse. Ife makolo ake tidamvera limodzi ndi dokotala.

Adamugoneka tsiku lomwelo. Adatiuza kuti munthu wa matendawa akamapita kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku ndi magazi, kuonjezapo mtima wothamanga, kutentha thupi kapena kuchepa kwa magazi, samuchizira kunyumba. Muyeso umenewu udaikidwa ndi madokotala awiri a ku Oxford, Truelove ndi Witts, mu 1955, ndipo ukugwirabe ntchito. Adamutenga magazi, mkodzo ndi chimbudzi. Adamuyeza HIV, ndipo adalibe. Adamuyeza matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, omwe nawonso amatha kutupitsa mitsempha, ndipo adalibe. Chimbudzi adachiyeza kufuna amiba, chifukwa kupereka mankhwala ofooketsa chitetezo kwa munthu yemwe ali ndi kamwazi weniweni kungaboole thumbo. Adamujambulanso pachifuwa kuona ngati mulibe TB yobisala. Ndipo adadula kachidutswa kakang'ono ka khungu pa dontho lomwe lidatuluka dzulo lake, poti akuti dontho likakhalitsa kupitirira masiku awiri silionetsanso bwino chomwe chidachitika.

Dzina lomwe adatipatsa ndi vasculitis, kutanthauza kutupa kwa mitsempha ya magazi. Tiyesa kubwereza momwe adatilongosolera, chifukwa ndi pomwe maganizo athu adatembenukira. Chitetezo cha m'thupi chikakwiya, chimapanga tinthu tomwe timagwirana ndi zomwe chikulimbana nazo n'kupanga timibulu tosaoneka ndi maso. Timibuluto timayenda m'magazi n'kukakamira m'makoma a timitsempha ting'onoting'ono ta pakhungu. Maselo oyera a magazi amathamangira pamenepo ngati asilikali, ndipo polimbana amang'amba khoma la kamtsemphako, iwonso n'kusweka. Magazi amadontha, ndipo dontho lililonse lomwe tinkaliona lidali kamtsempha kamodzi kong'ambika. Zotsatira za kachidutswa kaja zitabwera patatha masiku, zidatsimikiza zomwezo, ndipo papepala padalembedwa leukocytoclastic vasculitis, mawu ataliatali omwe akungonena za maselo oyera osweka aja.

Tidafunsa chifukwa chake miyendo yokha. Adati magazi amayenda mwaulesi kumusi kwa thupi ndipo amakanikiza kwambiri makoma a mitsempha munthu akaimirira, choncho timibulu tija timakhazikika kumeneko. Adafunsa ngati mnyamatayo amagwira ntchito yoimirira. Tidayang'anana. Adali akuima ola lathunthu ndi kupitirira usiku uliwonse, atamanga maola opitirira 13 masana, akutaya madzi ndi magazi kuchimbudzi.

Adatiuzanso kuti ulcerative colitis siikhala m'thumbo mokha. Kwa odwala ena imafika m'malo olumikizana mafupa, ndipo kuphwanya kwa mawondo komwe tidakuthira Brufen kudali kotero. Kwa ena imafiiritsa ndi kupweteketsa maso, kwa ena imatulutsa zotupa zowawa pa msongolo kapena zilonda zakuya zosapola msanga, kwa ena imatsekereza tinjira ta ndulu m'chiwindi. Zimenezi madokotala amaziyembekezera. Kutupa kwa mitsempha kokha ndi kosowa, mwakuti dokotala akhoza kusamala odwala thumbo zaka zambiri osakumana nako, ndipo kwa anthu ena madontho amayamba kuoneka thumbo lisadadziwike n'komwe kuti likudwala.

Chomwe chidatidabwitsa n'chakuti adamuyeza kuthamanga kwa magazi mikono yonse iwiri, n'kumvetsera m'khosi ndi chipangizo chake. Adati vasculitis ili m'mitundu, malinga ndi kukula kwa mtsempha womwe wagwidwa. Ya mwana wathu idali ya timitsempha tating'ono. Koma ulipo mtundu wina wogwira mtsempha waukulu wochokera kumtima ndi nthambi zake, wotchedwa Takayasu potengera dzina la dokotala wa maso wa ku Japan, Mikito Takayasu, yemwe adaufotokoza mu 1908. Umenewu umadziwika kuti nthawi zina umayendera limodzi ndi ulcerative colitis, makamaka mwa achinyamata, ndipo umachepetsa mtsempha mpaka kugunda kwa pamkono umodzi kumazimirira. Mikono ya mwana wathu idafanana, Alhamdulillah.

Koma chomwe dokotala ankachiyang'anitsitsa kuposa khungu ndi mkodzo. Impso zadzaza ndi timitsempha ting'onoting'ono tofanana ndi ta pakhungu tija, ndipo tikatupa sitipweteka. Munthu akhoza kumayang'ana madontho akuzilala n'kumasangalala, impso zikuonongeka mwakachetechete. Chizindikiro chake ndi magazi ndi mapuloteni mumkodzo, zomwe nthawi zambiri zimaoneka pa kapepala koviika kokha. Kapepala ka mwana wathu kadatuluka koyera, ndipo adati tizibwera nako mobwerezabwereza kwa miyezi ingapo. Adatilembera zoti tikaziona tisadikire kucha: mkodzo wa mtundu wa tiyi kapena wa thovu lambiri, kutupa nkhope, dzanzi kapena kufooka kwa phazi kapena dzanja, mutu waukulu wachilendo, kusaona bwino, ndi mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa kuposa unzake.

Chomalizachi ndi nkhani ina, ndipo chidatisokoneza m'chipatala momwemo. Namwino adabwera ndi jakisoni wa pamimba, n'kunena kuti ndi woletsa magazi kuundana. Mayi ake adaimirira. "Pepani anamwino, mwanayu akutaya kale magazi, ndiye mukumubayanso wosungunula magazi?" Adatiyankha moleza kuti matendawa akayaka amapangitsa magazi kuundana msanga m'mitsempha ikuluikulu ya m'miyendo, ndipo chibulu chikathothoka chimakatseka m'mapapo. Kugona pabedi ndi kuchepa kwa madzi m'thupi kumaonjezera ngoziyo. Choncho munthu yemweyo amatha kutaya magazi kuthumbo uku ali pangozi ya kuundana kwa magazi kumwendo, ndipo jakisoniyo amaperekedwa ngakhale magazi akuoneka kuchimbudzi.

Pa funso la chomwe chidayambitsa madontho, dokotala adati oganiziridwa adali atatu: thumbo lomwe lidayaka, Brufen, ndi sulfasalazine mwini wake, poti mankhwala a sulfa amadziwika kuti amatha kuyambitsa zotere. Iye adaloza kwambiri thumbo, chifukwa mapiritsiwo mnyamata adawamwa nthawi yaitali popanda vuto ndipo madontho adabwera atawachepetsa, nthawi yomwe magazi adabwerera. Komabe adamuletsa Brufen mpaka kalekale, ndipo m'malo mwa sulfasalazine adamulembera mesalazine, yemwe amagwira ntchito yofanana koma alibe mbali ya sulfa. Ndi wokwera mtengo ndipo sapezeka paliponse. Amalume ake omwe ali ku Johannesburg ndi amene amatithandiza kumupeza.

Mankhwala a miyendo padalibe apadera. Adati tikazimitsa moto wa m'thumbo, wa m'miyendo uzima nawo. Adamuika madzi a m'mitsempha ndi hydrocortisone wa jakisoni, n'kumuuza kuti agone miyendo ili pamwamba pa mapilo.

Chovuta kuposa zonsezi chidali kumuuza kuti swaumu yake yathera pomwepo. Dokotala, yemwe sadali Msilamu, adalankhula mwaulemu kwambiri. Adati sakufuna kulowerera za chipembedzo chathu, koma thupi ili likufuna madzi ndi mankhwala usana ndi usiku, ndipo kumanga m'masabata akubwerawo kukadaika impso ndi thumbo pangozi. Mnyamata adatembenukira kukhoma. Madzulo ake adatiuza kuti akangotuluka apitiriza, chifukwa masiku khumi omaliza sangamudutse ali ndi kapu m'manja, ndipo anthu a kumzikiti adzati chiyani.

Mawu oti "anthu adzati chiyani" adawaphunzira kwa ife. Bambo ake ndi amene ankakonda kunena pafutari kuti kumanga kumapumitsa mimba ndipo kumachiritsa matenda ambiri. Kwa munthu wodya mopitiriza muyeso mwina zili ndi mbali yake. Koma matenda awa sadabwere ndi chakudya, ndipo njala siyiwachotsa. Mwana adamva mawu amenewo zaka zonse, ndipo magazi atabwerera adaganiza kuti akapirira masiku angapo Ramadhan imuchiza.

Tidapempha Ashehe a pamzikiti wathu kuti abwere, ndipo adakwera minibasi tsiku lotsatira. Sadachite ulaliki. Adakhala m'mphepete mwa bedi, n'kumufunsa mnyamatayo kuti awauze zomwe zili mu Surat Al-Baqarah ndime 184 ndi 185, poti iye ndi amene adaloweza. Adayankha kuti m'menemo wodwala ndi wapaulendo apatsidwa chilolezo chosiya n'kudzabweza masikuwo nthawi ina. Ashehe adamufunsa ngati akuganiza kuti ndimezo zidatsikira anthu ena, osati iye. Kenako adamukumbutsa za Swahaba Imran bin Husain, yemwe adali ndi matenda a mudzi, nthenda ya malo omwewo omwe anthu amachita nawo manyazi, ndipo sadabise koma adakafunsa kwa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale naye, momwe angaswalire. Adaloledwa kuswali chokhala, ngakhale chogona cham'mbali ngati kukhala kwakanika, ndipo nkhaniyi ili mu Sahih Al-Bukhari. Adamulongosoleranso kuti fidiya, kudyetsa wosauka pa tsiku lililonse, ndi ya amene sakuyembekezeka kudzathanso kumanga, pomwe iye akuyembekezeka kupeza bwino, choncho chake ndi kubweza. Potuluka adatikokera pambali ife makolo n'kutiuza mawu ochepa omwe sitiwalemba pano. Adali oyenera.

Adatuluka m'chipatala patatha masiku asanu ndi limodzi, kuchimbudzi kutatsika kufika katatu ndipo magazi atachepa kwambiri. Adapitiriza ndi prednisolone, mapiritsi asanu ndi atatu a 5 mg m'mawa uliwonse atadya, n'kumachotsa limodzi sabata iliyonse. Adatichenjeza kuti mankhwala amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litasiya kupanga lokha chomwe mapiritsiwo akulowa m'malo, ndipo kungodula kungagwetse munthu. Adamupatsa njala yoopsa, tulo tidasowa, nkhope idakhala yozungulira mwakuti pa Eid anthu ankamuyamikira kuti wanenepa. Ankadya masana m'chipinda chitseko chili chotseka kuti ang'ono ake omwe adamanga asamuone. Masiku khumi omaliza adaswali pampando kumapeto kwa mzere, miyendo ili pa kabenchi, akumvetsera mnzake akuwerenga ma juzu omwe adakonzekera iye. Sitinganame kuti adazilandira mosavuta.

Madontho adasiya kutuluka atsopano sabata yoyamba yomweyo. Akale adazilala pang'onopang'ono m'masabata atatu, n'kusiya zipsera zoderapo, zomwe akuti ndi chitsulo cha m'magazi omwe adatsalira pansi pa khungu. Zina zilipobe. Mkodzo tidauyeza mwezi ndi mwezi, ndipo udakhalabe woyera.

Tsiku lina ali chigonere adatiwerengera pafoni kuti Shinzo Abe, yemwe adali nduna yaikulu ya Japan, adali ndi matenda omwewa kuyambira ali wachinyamata, ndipo adatula pansi udindo kawiri, mu 2007 ndi mu 2020, thanzi litamuvuta. Bambo ake adakhala chete nthawi yaitali. Munthu wa madokotala onse a dziko lolemera adasiya mpando chifukwa cha nthenda yomwe ife tinkaitcha "vuto la m'mimba lija" n'kumaithira Brufen wa kugolosale.

Masiku 16 omwe adatsala adawabweza m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, prednisolone atatha ndipo dokotala atavomera, Lolemba ndi Lachinayi, nyengo yozizira yomwe usana ndi waufupi ndipo ludzu silivuta. Mayi ake adamanga naye limodzi masiku onsewo.

Chaka chino tidapita kwa dokotala mwezi wa Sha'ban, tonse atatu. Adamuyeza magazi ndi mkodzo, n'kufunsa za kuchimbudzi, ndipo mnyamata adayankha ife tili pomwepo osayang'ana pansi. Poti thumbo lakhala chete miyezi yambiri, adamulola kumanga. Mesalazine adamusinthira kuti azimwa yense kamodzi pa daku, zomwe akuti zimagwira ntchito mofanana ndi kugawa. Adamuuza kuti azimwa madzi okwanira pakati pa futari ndi daku, kuti mutu kapena mawondo zikawawa amwe Panado yekha, ndipo kuti tsiku lomwe adzaone magazi, kapena dontho latsopano limodzi, amasule pomwepo ndi kubwera. Tikudziwa kuti m'bale wina wa matenda omwewa akhoza kuuzidwa zosiyana ndi izi, malinga ndi momwe thumbo lake lilili ndi mankhwala omwe akumwa, n'chifukwa chake ulendo wa mu Sha'ban uja sitidzaudumphanso, Insha Allah.

Akuluakulu a pamzikiti adamupemphanso kutsogolera. Adavomera ma raka anayi okha, kenako amabwerera m'mbuyo n'kukhala pansi. Adawauza yekha chifukwa chake, ndi dzina la matenda lomwe, ndipo bambo wina wachikulire adamutsatira panja n'kumunong'oneza kuti mdzukulu wake wamkazi watha chaka akumwa mankhwala a kamwazi osasintha. Tidawapatsa njira yomwe tidadutsa ife.

Chitseko cha kuchimbudzi chikalira usiku timadzukabe tonse awiri n'kumawerenga mumtima. Ndipo pampopi paja, mnyamata akamapinda thalauza, bambo ake amachedwetsa dala udhu wawo kuti aone. Dzana adawapeza akuyang'ana, n'kutambasula mwendo pansi pa babu.

"Ndi zakale zomwe zija, Ababa. Gwirani muone, n'zosalala."

Adagwira, ndipo zidali zosalala.